Kapinga wa ba Tcheyamani

Shamsiya atabwerako ku Canada anapeza kuti mafulati amene anakuliramo ku Kabwata asintha dzina. Kale ankangotchedwa Buloko C, ndipo palibe amene ankachita nalo manyazi. Tsopano pageti panali chikwangwani cha zilembo zagolide: Mukwa Heights. Anaima ndi masutukesi ake nayang'ana m'mwamba, kufunafuna kutalika kumene dzinalo linkanena. Nyumba inali yomwe ija, yosanja kamodzi. Mtengo wa mukwa panalibe. Ngakhale mipeyala imene ankakwera ali mwana inadulidwa kuti magalimoto apeze pogona.

Kutsogolo kunali kokongola, chilungamo chake. Khoma loyang'ana kumsewu linali ndi penti watsopano, miyala ya m'mbali mwa njira inali yopakidwa laimu, bwalo lonse anayalamo timiyala tasimenti timene anthu a mu Lusaka amati mapeva. Koma bambo ake sankakhala kutsogolo.

A Mfaume, telala wopuma ntchito amene makolo ake anachokera ku Mangochi, ankakhala m'fulati yapansi, yakumapeto, kuseri. Anaigula nthawi ija khonsolo inkagulitsa nyumba kwa okhalamo. Pansi pa zenera lawo pankadutsa ngalande yasimenti yotenga madzi a padenga ndi a m'makhitchini kukawataya kumsewu. Ngalandeyo inapuma ntchito a Mfaume asanapume. Inadzaza matope akuda, majumbo, matewera a ana amene tsopano ali ku sekondale. Mvula ikagwa, madzi ankafika pangalande, n'kupeza njira palibe, n'kulowa kwa a Mfaume ngati achibale ozolowera. Pakhoma la kuchipinda kwawo panali mzere wa chuku wolekeza m'mawondo. Miyendo ya makina osokera inadyedwa ndi dzimbiri. Mkeka wawo woswalira ankaupachika pamsomali, ndipo m'dzinja ankaswali pabedi. Chifuwa chawo chinkalira ngati chitseko chosathira mafuta, ndipo dokotala anali atanena mosabisa kuti dzinja lina m'chinyezi chimenecho likhoza kukhala lomaliza.

"Ababa, tiyeni ku Makeni," anatero Shamsiya. "Pafupi ndi a Idris, asuweni anu aja, pali nyumba youma."

"Mayi ako anatsirizikira m'chipinda chino," anayankha a Mfaume. "Muno ndidzatulukamo pa jeneza, ndili maliro."

"Ndi zimene ndikuopazo."

"Ndiye konza ngalande, usakonze ine."

Unali mwezi wa Ogasiti. Mvula imabwera mu Novembala. Shamsiya anaona ngati ndi nkhani ya tsiku limodzi. Anapeza amuna awiri a mafosholo pamsika, nawaonetsa poyambira. Asanadzaze n'komwe wilibala, panatulukira ba Exildah, mlembi wa komiti ya eni mafulati, mayi wa Sabata woyenda ndi foni m'manja ngati tochi.

"Ba Shamsiya, muli shani? Nanga aba bantu bachita chani?"

"Akuchotsa matope."

"Awe. Iyi dileni ni ya tonse. Chintu cha tonse sichigwiliwa na muntu umozi. Pafunika komiti."

"Nanga madzi a tonse akamalowa kwa munthu mmodzi, pamafunikanso komiti?"

Ba Exildah anamwetulira kumwetulira kwa kutchalitchi. "Mukakambe pa mitingi."

Amuna a mafosholo, asanachoke, anamuonetsa chimene ankayenera kuchiona yekha. Ngalandeyo ikakhota pakona kupita kumsewu, inkalowa pansi pa mapeva n'kuthera pompo. Oyala mapeva anaitseka pakamwa ndi simenti. Pamwamba pake penipeni ndi pamene pankagona galimoto yaikulu yoyera ya ba Hector Ng'andu, tcheyamani wa komiti, mkulu wa mpingo wa Pentekosite, bwana pa banki ina m'tauni.

Komiti inkakumana Lamlungu masana, popeza Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu m'mawa Mulungu anawatenga kale kudzera m'zipembedzo zitatu. Anthu ankabwera atakhuta, maso akulemera, n'kukhala pamipando yapulasitiki pamthunzi wa magalimoto. Mijakaranda ya kumsewu inali itayamba kuchita maluwa, ndipo fumbi linkalowa m'mano.

Ba Hector anaimirira. Anali munthu wa mawu ofewa ndi nsapato zosongoka, wokonda kutseka maso akamanena mawu ofunika. Analengeza kuti chaka chino Mukwa Heights ichita chimene mafulati a mayiko otukuka amachita nyengo ngati ino, chimene iwo anachitcha Sipulingi Kilini-apu.

Shamsiya anatchera khutu. Chinthucho ankachidziwa. Ku Toronto anakhalapo m'komiti yotere, ndipo chipale chikasungunuka ankazungulira nyumba ndi nkhalamba zokangana, kuyang'ana denga, mipaipi ya madzi a mvula, ming'alu ya m'makoma, chilichonse chimene chisanu chinaononga. Pa zaka zonse zimene anakhala kumeneko akusamalira okalamba a eni ake, ndi zokhazo zimene anazikonda. Anakweza dzanja.

"Kumene ndinali ine..."

Anamva mipando ikulira. Ankadziwa kuti mawu amenewa anthu amadana nawo, ndipo m'mawa uliwonse ankalumbira kuti sawanenanso, koma ankatuluka okha ngati ntchofu.

"Ba Canada bayamba," wina ananong'ona kumbuyo.

Anapitiriza ndithu. Anati kuno chimene chikubwera si kutentha koma mvula, choncho ntchito yoyamba ndi denga ndi ngalande. Anati pa mpaipi wa padenga pamera kamtengo ka mkuyu. Anati kale, iye ali mwana, khonsolo inkatumiza anthu a maovololo mwezi wa Okutobala uliwonse kudzatsegula ngalande, ndipo Kabwata inali ndi maluwa. Chinyanja chake chinali cha kale, chosakanikirana ndi Chichewa cha bambo ake, ndipo achinyamata ankachimvetsera ngati akumvera wailesi ya agogo.

Ba Hector anatseka maso. "Tamvela, mai. Zikomo pa ekisipiliensi yanu ya kunja. Manje imwe mufuna tichose mapeva yonse chifukwa cha ka dileni kamozi? Muziba pulopate ni nkhope. Muntu akabwela, aona chani poyamba? Geti. Chipupa. Sabwela kuona dileni."

"Madzi amabwera kudzaona dileni."

"Ivo tizaviika mu feizi thuu."

Anavota. Anagwirizana zopaka penti khoma la kumsewu, limene linapakidwa chaka chatha, zopakanso geti, zothira laimu miyala ndi zitsa za mipeyala. Shamsiya yekha ndiye anakana. Pomaliza ba Hector anakumbutsa anthu kuti ntchito ithe msanga chifukwa kumapeto kwa Okutobala kuli mwambo wa chilanga mulilo cha mwana wawo Sean, amene anali pafupi kukwatira, ndipo onse anaomba m'manja. Apo ndi pamene Shamsiya anamvetsa kuti nyengo imene ikukonzekeredwa si mvula, ndi apongozi.

Madzulo anadandaula kwa bambo ake, nabwerezanso za anthu a maovololo a khonsolo.

"Anabwera kawiri," anatero a Mfaume. "Kachiwiri anachoka ndi nkhuku yathu."

"Koma maluwa analipo, Ababa."

"Anadzala mayi ako."

 Dziko limene Shamsiya analisunga mumtima zaka zonsezo linkachepa tsiku ndi tsiku, ndipo amene ankalichepetsa kwambiri anali munthu yekhayo amene analiona naye.

Seputembala anatha. Shamsiya analemba pa gulu la pafoni la eni mafulati, natumiza zithunzi za ngalande. Ba Exildah anayankha kuti gululi ndi la zolimbikitsana. Wina anatumiza vesi. Opaka penti anabwera, napaka khoma mpaka pakona, n'kulekeza ndendende pamene diso la munthu woima pageti limalekeza. Mzere wake unali woongoka bwino. Anali amisiri odziwa ntchito yawo.

Tsiku lina pa chingwe choyanikira zovala Shamsiya anakumana ndi ba Emmy, akazi a ba Hector. Iwo ankaonetsa aliyense pafoni kanema wa chilanga mulilo cha ku Kabulonga. Mwambowo Shamsiya ankaukumbuka: amayi a kuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu, n'kuzisenza pamutu kupita nazo kwa mkamwini ndi ng'oma ndi nyimbo, kumuonetsa zimene azidya m'banja. Koma pa kanemayu amayiwo ankaoneka kuchokera kumwamba, ngati nyerere zovala zitenje.

"Bajambula na kandege," anatero ba Emmy. "Na ise tabuka kudala. Dailekita wamene uyu."

Shamsiya anayang'anitsitsa kanemayo, ndipo kanthu kena kanadzuka mwa iye kamene sikanachokere ku Toronto.

"Zabwino kwambiri," anatero, akufinya thawulo. "Kandegeko kamaona zonse, eti? Denga, kuseri, konse. Apongozi a ku Chelstone adzaona malo onse mmene alili."

Ba Emmy anasiya kumwetulira. Anayang'ana kuseri, anayang'ana padenga pamene kamkuyu kankagwedezeka ndi mphepo, nanyamula beseni lawo zovala zina asanayanike.

Tsiku lomwelo pagulu panabwera uthenga wa msonkhano wadzidzidzi. Shamsiya anaphikira bambo ake mpunga wa nazi ngati kuli Idi. Anaganiza kuti waphunzira chinenero cha pamalopo: chinthu chimakonzedwa ngati mlendo achiona, ndiye iye wawapezera mlendo wouluka.

Anali ataphunzira theka lokha.

Lolemba kunabwera lole. Inatsitsa masiling'ibodi akale ndi mpukutu waukulu wobiriwira. Amisiri anayala mabodiwo pamwamba pa ngalande, kuyambira pazenera la a Mfaume mpaka pakona, n'kuyala pamwamba pake kapinga wapulasitiki amene anaphimba kuseri konse. M'mbali anaikamo miphika ya maluwa. Wina anakwera padenga ndi chidebe, ndipo Shamsiya anati mwina kamkuyu kokha kazulidwa. Munthuyo anakapaka laimu kutsinde kwake, mwaulemu, natsika.

Shamsiya anakapeza ba Hector akupukuta galimoto yawo.

"Ba Tcheyamani, mabodi aja ndi a denga. Akanyowa amafewa ngati buledi. Pansi pake pali madzi."

"Palibe wamene azayendapo. Ni va kumwamba chabe."

"Nanga mvula?"

"Feizi thuu, mai. Imwe vonse ni makomplaini. Onani mwamene kwaonekela bwino. Ba shikulu, batate banu, manje bali na gadeni."

A Mfaume anasuzumira pazenera n'kuyang'ana kapinga wawo watsopano. "Kwa zaka zonsezi ndimanunkhiridwa ndikuona chonunkhacho," anatero. "Tsopano ndizinunkhiridwa ndikuona maluwa. Ndi chitukuko."

Loweruka la mwambo kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo kumpoto kunaunjikana mitambo yongoopseza. Ba Hector anavala malaya achitenje ofanana ndi diresi la ba Emmy. Sean anakhala m'nyumba ndi anzake kudikira chakudya. Ba Exildah, pokhala linali Sabata, sanatuluke, koma katani la pazenera lawo linali ndi mpata wokwana diso limodzi ndi foni.

Masana maminibasi awiri anaima pageti. Munatsika amayi ovala zitenje zofanana, nayamba kusenzetsana mabeseni ndi mapoto okutidwa ndi nsalu: chikanda, ifisashi, nkhuku, nsomba zouma, zigubu za munkoyo. Ng'oma zinayamba. Patsogolo pa onse panali mlangizi wamkulu, bana Chibesa, mayi wathupi, wa nkhope yosaseka pachabe, atasenza beseni lalikulu kuposa onse osaligwira ndi dzanja.

Koma masiku ano mwambo sautsogolera mlangizi. Amautsogolera wojambula. Dailekita anali bambo wamimba, wa ndevu zopaka utoto wofiira, wovala kajekete ka matumba ambiri. Anaulutsa kandege kake, nayang'ana pa kagalasi kamene kanali m'manja mwake, n'kupukusa mutu.

"Kusogolo kulibe shoti. Ni mamotoka chabe na simenti. Koma kumbuyo kuli ka loni kabwino maningi. Bamayo, tizazunguluka. Mupite pa gilini, laini imozi, elo mubwelele ku chiseko."

"Ise tingena kusogolo," anatero bana Chibesa.

"Muzangena, bamayo. Ni pa vidiyo chabe."

Pa mawu akuti vidiyo, mwambo unagonja. Mzere unakhota.

Shamsiya anali ataima pakona. Anayang'ana ba Hector. Ba Hector ankadziwa. Thukuta linali litatsikira m'kolala, koma anali pakati pa amalume awiri a mtsikana amene Sean ankakwatira, amene ankayamikira kuti pamalo pano anthu amadziwa kusamala. Kuti aimitse mzere, ankayenera kunena pamaso pa apongozi chimene chinali pansi pa kapingayo.

Shamsiya anawayandikira. "Ba Tcheyamani, akupita pangalande."

"Tili pa kamela," anayankha mano ali pamtunda, milomo yokha ikuyenda. "Sekelelani."

Shamsiya anathamangira kutsogolo kwa mzere, nakweza manja. "Amayi, apo musapondepo!" Ng'oma zinameza mawu ake. Bana Chibesa anaona mayi wa mpango akugwedeza manja, nayesa ndi wa kuchimuna amene nyimbo yamulowa, ndipo anamugwedezera phewa mokoma mtima n'kumulambalala.

Bodi loyamba linapirira. Lachiwiri linalira. Lachitatu, la pansi pa zenera la a Mfaume, limene linamwa madzi a m'makhitchini sabata yonse, linangotseguka mwakachetechete. Kapinga anapindika, miphika ya maluwa inagwera m'kati, ndipo bana Chibesa anatsika ali chiimire mpaka m'ntchafu.

Beseni silinapendeke. Anthu amene anaona kanemayo pambuyo pake, ndipo anamuona ambiri, ankabwereza pamenepo. Mayiyo anali m'matope a zaka zambiri, khosi lili chilili, chikanda chili pamutu.

Ng'oma zinaleka imodziimodzi. Kenaka fungo linakwera, n'kuyenda pamzere wonse mpaka kwa amalume. Kumwamba kandege kankangolira.

Zenera linatseguka. "Pepani, amayi," anatero a Mfaume. "Madzi ofunda alipo. Lowani, ndi pompano."

Amayi anzawo anawatula beseni, nawakoka. Shamsiya anawalowetsa m'nyumba, nawapatsa sopo, thawulo ndi chitenje cha malemu mayi ake. Bana Chibesa anasamba. Atatuluka m'bafa anaima pakhomo la kuchipinda, nayang'ana mzere wa chuku, makina adzimbiri, mkeka wa pamsomali. Anamva a Mfaume akutsokomola.

"Aya manzi yangena muno?"

"Chaka chilichonse," anatero Shamsiya.

"Na ba Ng'andu baziba?"

"Ndi atcheyamani."

Bana Chibesa anamanga chitenje mwamphamvu, natuluka. Panja anthu anali ataima m'timagulu. Ba Hector anabwera akutikita manja, nayamba kufotokoza za amisiri osakhulupirika a masiku ano.

"Ba Ng'andu," anawadula bana Chibesa. Sanakweze mawu. "Ise tabwela kuonesa mwana wanu vamene ife tipika. Na imwe mwationesa vamene mupika. Vakudya tizapeleka, chifukwa mwana alibe mulandu. Koma ukwati ukalibe. Nizabwela futi pa Sondo ya wiki ya mawa, neka, kulibe ng'oma. Nizangenela kumbuyo. Nifuna nikaone kwamene aya manzi yayenda. Ngati banja ivundikila vintu so, nifunika nikauze makolo ba mwana wathu."

Ba Hector anatseka maso, koma mawu ofunika sanabwere.

Lolemba m'mawa galimoto yoyera inagona kunja kwa geti, pafumbi, pakati pa ogulitsa tomato. Mapeva anazulidwa. Simenti ya pakamwa pa ngalande inaswedwa ndi nyundo. Amuna a mafosholo, omwe aja awiri, anatulutsa mawilibala a matope mpaka dzuwa kupendeka, ba Hector ataimirira pambali ndi kansalu pamphuno, akuloza ndi chala ngati anabadwira ntchito imeneyo. Bana Chibesa anabweradi Lamlungu lotsatira. Anathira chidebe cha madzi m'ngalande pansi pa zenera la a Mfaume, nawatsatira madziwo wapansi mpaka kumsewu, nakwera minibasi osalowa m'nyumba ya aliyense.

Madzulo ake ba Exildah anatumiza zithunzi pagulu, ndi uthenga wakuti komiti, mwa masomphenya a tcheyamani, yatsiriza feizi thuu nthawi yake isanakwane. Anthu anatumiza timanja toomba. Shamsiya analemba yankho lalitali, loyamba ndi mawu akuti kumene ndinali ine. Analiwerenga, nalifufuta, natumiza timanja toomba nayenso.

Mvula yoyamba inagwa masana ena mu Novembala, yamatalala, yonunkhira fumbi. Shamsiya anaima pazenera. Madzi anadzaza ngalande, nathamanga, nakhota pakona, natuluka pansi pa geti lagolide kupita kukalowa m'nyumba za anthu ena kumunsi kwa msewu, amene komiti yawo inali isanapeze apongozi. A Mfaume anatsitsa mkeka pamsomali, nauyala pansi pouma, naswali nthawi yaitali. Atamaliza anakhala pomwepo, akusisita simenti ndi chikhatho.

Chotsala chinali chimodzi. Padenga kamkuyu kanali kadakalipo, laimu atatsukika, masamba atabiriwira ndi mvula, ndipo madzi osefukira pampaipi ankagwera ndendende pakhomo la a Mfaume.

M'mawa mwake Shamsiya anapeza ba Emmy pa chingwe choyanikira. Anawathandiza kufinya bulangete, nayamikira mmene kanema wa Sean anatulukira, makamaka koyambirira.

"Nanga ba Cheryl, mwana wanu mukazi," anafunsa mwa Chinyanja chimene tsopano chinkamveka cha chaka chino, "bakalibe kupeza muntu? Mwana wabwino so. Nili na muzanga ku Woodlands, ali na mwana mwamuna dokota. Banja yabo ikonda maningi kuyangana kumwamba."